Mtunda wa Mumlengalenga: Kuchokera ku Mzuzu Kukafika ku Likoma

Ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu, ndege ikalira m'mwamba ana amasiya maseŵera awo nayang'ana kuthambo. Ngakhale nkhuku zakuda zija zimene zidatchuka ndi dzina la malowo zimapendeketsa mitu, kuyesa kuti kwabwera kabaŵi. Ndege zambiri zimene zimaoneka m'dera limeneli zimakhala zikupita ku Chileka kapena zikuchokera kumeneko, pakuti bwalo la ndege lalikulu limene lili pafupi ndi lomwelo.

Munthu wa ku Mikolongwe akafuna kupita ku Chileka amakwera galimoto. Galimotoyo imayamba yafika ku Limbe, kenaka imadutsa mumzinda wa Blantyre, ndipo pambuyo pake imatenga msewu wa ku Chileka. M'njira monsemo imakhotakhota, imakwera zitunda, imalambalala mapiri, ndiponso imatsata pamene pali mlatho kuti iwoloke mitsinje. Ndege sitero ayi. Iyo imachita ngati akakowa amene madzulo amasiya ng'ombe kudambo nalunjika ku mtengo umene amagonamo, osasamala kuti pansi pali munda, chigwa kapena mpanda.

Motero munthu akafunsa kuti, "Kodi kuchokera pano kukafika uko ndi mtunda wautali bwanji?" mayankho ake alipo aŵiri. Pali mtunda wa pamsewu, ndiponso pali mtunda wa mumlengalenga. Mtunda wa mumlengalenga ndiwo mzere wowongoka wochokera pa bwalo lina la ndege kukafika pa linzake. Palibe njira ina yaifupi kuposa imeneyi.

Mabwalo aakulu ndi aang'ono

Ambiri a inu mudamvapo za bwalo la ndege la Chileka ndi la Kamuzu, limene lili ku Lumbadzi, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Pa mabwalo aŵiriŵa pamatera ndege zikuluzikulu zochokera ku maiko ena. Koma m'Malaŵi muno mulinso mabwalo ena aang'onoang'ono, monga la ku Mzuzu, la ku Karonga, la ku Likoma, la ku Kasungu ndi la ku Makokola m'boma la Mangochi. Ena mwa mabwalo aang'ono a m'dziko muno ali ndi msewu wa phula woterapo ndege, pamene ena ndi malo osalazidwa chabe, omera kapinga.

Kukula kwa bwalo kumaoneka ndi kutalika kwa msewu umenewu. Ndege yaikulu imayamba yathamanga pansi mtunda wautali isanauluke, ndipo potera imasoŵanso malo aatali kuti iime. Msewu wa pa bwalo la Kamuzu ndi wopitirira makilomita 3, pamene wa ku Mzuzu ndi wa mamita pafupifupi 1,300 okha. N'chifukwa chake pa mabwalo aang'ono pamatera ndege zazing'ono, zonyamula anthu oŵerengeka. Ife tione mabwalo aŵiri otere, la ku Mzuzu ndi la ku Likoma.

Likoma ndi chilumba cha pa Nyanja ya Malaŵi. Chili kufupi kwambiri ndi gombe la Mozambique, koma ndi gawo la dziko lathu, pamodzi ndi chilumba chinzake cha Chizumulu. Pa chilumbachi pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene chidayamba kumangidwa m'chaka cha 1903. Ku Likoma sikupita msewu, pakuti mbali zonse kuli madzi okhaokha. Munthu wochokera ku Mzuzu amayamba watsika ndi galimoto kupita ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Akafika pa doko amadikira sitima kapena boti. Sitima yodziŵika kwambiri ndi Ilala, imene idayamba kuyenda pa nyanjayi m'chaka cha 1951. Kuchokera ku Nkhata Bay kukafika ku Likoma pali makilomita pafupifupi 70 a pamadzi, ndipo sitima imatenga maola anayi kapena kupitirira apo. Tikaphatikiza msewu ndi madzi, ulendo wonse ndi wa makilomita ngati 120.

Nanga mumlengalenga? Kuchokera pa bwalo la Mzuzu kukafika pa bwalo la Likoma pali makilomita pafupifupi 105. Mwina mwadabwa kuti kusiyana kwake n'kochepa chotere. Inde, n'kochepa, chifukwa sitima nayo ikakhala pakati pa nyanja imayenda molunjika, popeza pamadzi palibe phiri loti ilambalale. Kusiyana kwakukulu kuli pa nthaŵi. Ulendo umene umatha tsiku lathunthu, poŵerengera kudikira pa doko ndi kukweza katundu, ndege yaing'ono imaumaliza pa theka la ola kapena kupitirira pang'ono.

Tsono yerekezani ndi ulendo wochokera ku Mzuzu kupita ku Karonga. Mumlengalenga pali makilomita pafupifupi 165, koma pamsewu pali makilomita pafupifupi 220. Makilomita oonjezerawo amathera m'makhotamakhota, makamaka pa Chiŵeta, pamene msewu umatsika phiri mopindikapindika ngati njoka mpaka kukafika m'mphepete mwa nyanja.

Kuyeza mtunda pa mapu

Palibe munthu amene adakwera kumwamba ndi chingwe kukayeza makilomita ameneŵa. Mtunda wa mumlengalenga umayezedwa pa mapu, ndipo inunso mungathe kuuyeza m'kalasi mwanu. Zofunika ndi mapu a Malaŵi, rula, pensulo ndi ulusi.

Choyamba, yang'anani m'munsi mwa mapuwo. Mupeza kamzere kogaŵidwagaŵidwa, kapena manambala olembedwa motere, 1:1,000,000. Chimenechi ndicho sikelo ya mapu. Sikelo imatiuza kuti malo enieni adachepetsedwa kangati kuti akwane pa pepala. Pa mapu a sikelo imene tatchulayi, sentimita imodzi imaimira makilomita 10. Mapu ena ali ndi sikelo yosiyana ndi imeneyi, choncho musayambe kuyeza musanaiŵerenge. Ophunzira ambiri amalakwa pomwepa. Amayeza bwinobwino ndi rula, koma nachulukitsa ndi nambala ya mapu ena.

Kenaka ikani kadontho pa Mzuzu ndi kena pa Likoma. Goneketsani rula kuti ikhudze timadontho tonse tiŵiri, ndipo muŵerenge masentimita. Pa mapu a 1:1,000,000 mupeza masentimita 10 ndi theka. Mukachulukitsa ndi 10 mupeza makilomita 105.

Mtunda wa pamsewu sungayezedwe ndi rula yokha chifukwa rula sipindika. Apa ndi pamene pamafunika ulusi. Ikani nsonga ya ulusi pa Mzuzu, ndipo muutsatitse msewu pang'onopang'ono, mukukhota pamene msewu wakhota, mpaka mufike pa Karonga. Tsinani pamene ulusi wathera, muuwongole, ndi kuuyeza pa rula. Mudzaona nokha kuti ulusiwo ndi wautali kuposa mzere wowongoka. Komabe yankho lanu lidzachepa pang'ono poyerekeza ndi mtunda weniweni wa msewu, chifukwa mapu sangaonetse kakhota kalikonse.

Pali chinthu china chimene mapu a papepala amabisa. Dziko lapansi ndi lobulungira ngati lalanje, pamene pepala ndi lafulati. Pa ulendo waufupi monga wa ku Likoma zimenezi sizisintha kanthu kwenikweni. Koma pa ulendo wautali, monga wochokera ku London kupita ku New York, njira yaifupi imaoneka yokhota ikajambulidwa pa mapu a papepala. Tengani lalanje, mulembepo timadontho tiŵiri motalikirana, ndipo mukoke ulusi pakati pake mpaka ukungike. Pamene ulusiwo wagona ndi pamene pali njira yaifupi. Masiku ano makompyuta a m'ndege ndiwo amaŵerengera zimenezi, mothandizidwa ndi makina a GPS, koma aliyense wophunzira kuyendetsa ndege amaphunzitsidwabe kuyeza ndi mapu, rula ndi kampasi, pakuti makina amatha kuwonongeka.

Agogo anu mwina amaŵerengabe mtunda m'mamailo, monga momwe anthu ankachitira kale dziko lino lisanayambe kugwiritsa ntchito makilomita. Mailo imodzi ya pamtunda ndi mamita 1,609. Oyendetsa ndege ndi oyendetsa sitima za pamadzi ali ndi mailo yawoyawo, yotalikirapo, ya mamita 1,852. Motero woyendetsa ndege akamalankhula pa wailesi sanena kuti Likoma ili pa makilomita 105 kuchokera ku Mzuzu. Iye amati ili pa mamailo 57. Mtunda wake ndi womwewo, chasintha ndi muyeso chabe, monga momwe chimanga chomwecho wina angachiyeze ndi ndowa, wina ndi thumba.

Mphepo

Tikadziŵa mtunda ndi liŵiro la ndege, tingathe kupeza nthaŵi ya ulendo. Kuti masamu asativute, tiyerekeze kuti mtunda ndi makilomita 100, ndipo ndege yathu imauluka makilomita 200 pa ola. Ngati ola lathunthu ndi makilomita 200, ndiye kuti makilomita 100 ndi theka la ola, mphindi 30.

Yankho limeneli n'loona pokhapokha kukakhala bata. Ndege imasambira mumpweya monga momwe bwato limayendera pamadzi. Wopalasa bwato pa mtsinje wa Shire amadziŵa kuti kutsika ndi madzi n'kosavuta, koma kukwera kumalemetsa nkhafi. Chimodzimodzinso ndege ndi mphepo.

M'nyengo yozizira, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, pa Nyanja ya Malaŵi pamaomba mphepo yamphamvu ya mwera. Asodzi amaiopa chifukwa imautsa mafunde aakulu. Mphepoyi imachokera chakumwera cha kum'maŵa, ndipo Likoma ili mbali yomweyo kwa munthu amene ali ku Mzuzu. Choncho ndege yopita ku Likoma imalimbana ndi mwera maso ndi maso. Tiyerekeze kuti mwerawo ukuomba pa liŵiro la makilomita 50 pa ola. Injini ikugwira ntchito monga mwa masiku onse, koma munthu woima pansi aona ndegeyo ikuyenda makilomita 150 okha pa ola, chifukwa mphepo yadya makilomita 50. Ulendo wa mphindi 30 uja tsopano utenga mphindi 40.

Pobwerera zinthu zimatembenuka. Mwera umakankha ndege kumbuyo, ndipo liŵiro lake limafika makilomita 250 pa ola. Ulendowo umatha pa mphindi 24 zokha.

Phatikizani tsono. Popanda mphepo, kupita ndi kubwera ndi mphindi 60. Ndi mwera, ndi mphindi 40 kuphatikiza 24, zimene zikukwana 64. Anthu ambiri, ngakhale akuluakulu, amaganiza kuti zimene mphepo yalanda popita imabweza zonse pobwera. Masamu akutionetsa kuti sibweza zonse. Ndege imakhala nthaŵi yaitali ikulimbana ndi mphepo, ndipo imakhala nthaŵi yochepa ikuthandizidwa nayo.

Mphepo ikamaomba cham'mbali, vuto lake ndi lina. Imakankhira ndege kunja kwa mzere wake. Woyendetsa amaloza mphuno ya ndege chakumene mphepo ikuchokera, monga amachitira munthu wowoloka mtsinje wothamanga, amene amalunjika chakumtunda kuti akatulukire pa doko lenileni. Akapanda kutero angathe kuphonya kachilumba konga Likoma.

Mapiri ndi nkhungu

Mzere wa pa mapu ndi wosalala, koma dziko limene lili pansi pa mzerewo si losalala. Madzi a Nyanja ya Malaŵi ali pa mamita pafupifupi 475 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo bwalo la Likoma lili pang'ono chabe pamwamba pa madziwo. Mzuzu uli pa mamita pafupifupi 1,250. Ndege yochokera ku Likoma iyenera kukwera kwambiri kuti idutse mapiri a ku Nkhata Bay isanatsikire ku Mzuzu. Kukwera kumadya mafuta ambiri ndiponso kumachepetsa liŵiro. N'chifukwa chake woyendetsa ndege amaŵerenganso manambala osonyeza kutalika kwa mapiri. Kuno kumwera amadziŵa kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002, ndipo palibe malo ena aatali kuposa pamenepo m'Malaŵi.

Phiri looneka silivuta, pakuti ndege ingathe kulilambalala kapena kulidutsa pamwamba. Choopsa ndi phiri lobisika. Inu a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje mumachidziŵa chiperoni, nyengo ija ya nkhungu ndi mvula yowaza imene imabwera m'miyezi yozizira. Dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imachokera. Chiperoni chikagwa, phiri la Chiradzulu limasoŵa ngati lachotsedwa, chonsecho lili pomwepo. Ku Mzuzu ndi ku mapiri a Viphya nakonso nkhungu yotere imagwa kaŵirikaŵiri.

Mabwalo aakulu ali ndi zipangizo zothandiza ndege kutera ngakhale kunja kusakuoneka bwino. Pa mabwalo ambiri aang'ono woyendetsa amadalira maso ake. Akapanda kuuona msewu woterapo, sangatere. Chifukwa cha ichi, asananyamuke amafunsa a zanyengo za mitambo ndi mphepo, ndipo sayeza mtunda umodzi wokha. Amayeza mtunda wa kumene akupita. Amayezanso mtunda wochokera kumeneko kukafika pa bwalo lina limene angathaŵireko zinthu zikavuta. Wochokera ku Likoma akapeza Mzuzu utaphimbidwa, angabwerere ku Likoma, makilomita 105, kapena angapitirire ku Karonga, makilomita 165. Mafuta a m'thanki ayenera kukwanira zonsezi, ndi ena otsalako. Mwa ichi ulendo wa makilomita 105 umanyamulirwa mafuta a mtunda woposa kaŵiri pamenepo. Woyendetsa galimoto mafuta akamuthera amaima pambali pa msewu, koma kumwamba kulibe pambali poimapo. Ndipo nyengo ikaipiratu, woyendetsa amauza apaulendo kuti adikire mpaka kuyere, ngakhale ena ang'ung'udze. Paja akuluakulu amati kuthamanga si kufika.

Dziko lathu lidaona kuopsa kwa nyengo yotere pa 10 Juni 2024. Tsiku limenelo ndege ya asilikali idanyamuka pa bwalo la Kamuzu kupita ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 260, ulendo wosakwana ola limodzi. M'ndegemo mudali Dr Saulos Klaus Chilima, amene pa nthaŵiyo adali Wachiŵiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino, pamodzi ndi anthu ena 8. Nyengo idali yoipa ndipo ndegeyo sidatere ku Mzuzu. Idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, pa mapiri a Viphya, ndipo idapezeka tsiku lotsatira. Anthu onse 9 adamwalira, ndipo Amalaŵi adalira maliro aakulu.

Ntchito ya mabwalo aang'ono

Ulendo wa pandege ndi wokwera mtengo, ndipo anthu ambiri a ku Likoma amayendabe pa sitima ndi pa maboti. Sitima imanyamula matumba a chimanga, malata, simenti ndi madengu a usipa, katundu amene ndege yaing'ono singamuthe. Amene amakwera ndege kaŵirikaŵiri ndi alendo odzaona nyanja ndi anthu a ntchito zofulumira. Koma taganizani za munthu wodwala kwambiri pa chilumbapo, amene madokotala aona kuti ayenera kupita ku chipatala chachikulu cha ku Mzuzu, kunja mwera utautsa nyanja. Kwa munthu wotere, kusiyana kwa mphindi 40 ndi tsiku lathunthu ndi nkhani ya moyo.

Anthu a m'maboma a kumwera adaziona zimenezi m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yoopsa ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi madera ena. Milatho idakokoloka ndipo misewu idaduka. Midzi imene kale inkafikika ndi galimoto pa ola limodzi idasanduka ngati zilumba. Mtunda wa pamsewu udatha ntchito masiku amenewo, ndipo udatsala ndi wa mumlengalenga wokha. Ndege za helikopita, zina zochokera ku Tanzania ndi ku Zambia, ndizo zidathandiza kupititsa chakudya ndi mankhwala kwa anthu amene adatsekeredwa ndi madzi.

Palinso tindege ting'onoting'ono topanda munthu m'kati, timene timayendetsedwa ndi munthu ali pansi. M'chaka cha 2017 boma la Malaŵi pamodzi ndi bungwe la UNICEF adakhazikitsa malo oyeserapo tindege totere pa bwalo la ndege la Kasungu, kuti aone ngati tingathandize kunyamula mankhwala ndi magazi okayezedwa pakati pa zipatala za kumidzi ndi zipatala zazikulu. Mphamvu ya batire ya kandege kotere ndi yochepa, choncho wokatumiza amayamba wayeza mzere wowongoka pa mapu, nafunsa kumene mphepo ikuchokera tsiku limenelo.

Mafunso

1. Kodi mtunda wa mumlengalenga ndi chiyani?
2. Fotokozani m'mene munthu amayendera kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Likoma ngati sakwera ndege.
3. N'chifukwa chiyani msewu wa ku Karonga ndi wautali kuposa mtunda wa mumlengalenga?
4. Pa mapu a sikelo ya 1:1,000,000 mabwalo aŵiri atalikirana masentimita 15. Kodi ndi makilomita angati?
5. Ndege ikuuluka makilomita 200 pa ola, ndipo ikulimbana ndi mphepo ya makilomita 40 pa ola. Kodi munthu woima pansi aiona ikuyenda makilomita angati pa ola?
6. Chifukwa chiyani woyendetsa ndege amanyamula mafuta oposa a mtunda wa kumene akupita?
7. Perekani matanthauzo a mawu aŵa monga momwe agwiritsidwira ntchito m'nkhaniyi: kulambalala, kukungika, bata, doko, kuphonya.

Zochita

Muli m'magulu, tengani mapu a Malaŵi ndipo mupeze Blantyre ndi Mangochi. Yezani mtunda wake ndi rula, kenaka muyeze ndi ulusi motsata msewu wodzera ku Zomba ndi ku Liwonde. Lembani mayankho onse aŵiri m'makope mwanu, ndipo muyerekeze ndi a magulu ena.